Anafika kuchipatala nthawi yabwino, nanga anamwalira bwanji?

Funso: Adokotala, chaka chatha tinataya mlongo wanga. Anachita zonse zimene timauzidwa. Sikelo sanajombe, anakadikirira kuchipatala, ndipo anachira bwinobwino mwana wamwamuna m'bandakucha. Pofika masana anali atatisiya, akuti anataya magazi ambiri. Pano mkazi wanga ali ndi pakati pa miyezi 6 ndipo tulo sindikupeza. Zaka zonsezi takhala tikuona magalimoto a mabungwe ndi madokotala ochokera kunja, akuti akulimbikitsa uchembere wabwino. Inu mwagwirapo nawo ntchito anthu amenewa. Kodi zimenezi zimapulumutsadi munthu, kapena n'zongodyerapo? Nanga ine ndichite chiyani? (Wowerenga wa m'chigawo chapakati)

Yankho: Pepani kwambiri achimwene ndi zovutazo. Imfa ya pa uchembere imasiya khanda m'manja mwa anthu amene akulira, ndipo mkwiyo umene ndikuumva m'funso lanu ndi woyenera. Ndikuyankhani mosabisa. Ntchito imeneyi yapulumutsa amayi ambirimbiri. Koma mphamvu zathu zambiri, ife a zaumoyo kuno ndi anzathu akunja, zinathera pa kufikitsa mayi pakhomo la chipatala, ndipo zimene zimayenera kuchitika akalowa m'katimo tinazichedwera. Pamenepo ndi pamene amayi ngati mlongo wanu akutithera masiku ano.

Kuti zinthu zasintha, ziwerengero zikuchitira umboni. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'chaka cha 2000 anapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo m'Malawi, amayi 1,120 ankamwalira chifukwa cha pakati kapena kubereka. Mu 2004 anali 984, mu 2010 anali 675, ndipo pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anatsika kufika pa 439. M'zaka zomwezo, amayi ochirira kuchipatala anakwera kuchoka pa 55 kufika pa 91 mwa 100 alionse. Ndi maiko ochepa mu Africa amene anasamutsa uchembere kuchoka kumudzi mwachangu chonchi. Komabe 439 ndi kutali kwambiri ndi 70, chiwerengero chimene maiko onse anagwirizana kuti dziko lapansi likhale pansi pake pofika 2030. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira pa uchembere, ndipo 7 mwa 10 alionse anali a kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Nkhani ya uchembere wabwino inayamba kumveka padziko lonse pa msonkhano wa ku Nairobi mu 1987. Poyamba akatswiri ankakhulupirira zinthu ziwiri: kuphunzitsa azamba a kumudzi, ndi kusankhiratu kusikelo amayi amene angadzavutike pobereka. Zonsezi sizinatsitse imfa monga ankayembekezera, pa chifukwa chimene dokotala aliyense wa amayi amachidziwa bwino. Mavuto ambiri akupha salosereka. Mayi wathanzi, amene sikelo yake yonse inali yabwino, angathe kutaya magazi mwadzidzidzi, ndipo zikatero chomupulumutsa ndi mankhwala, dilipi, magazi ndi thiyeta. Mzamba wa kumudzi, ngakhale waluso chotani, alibe zimenezi.

Mu 1994 akatswiri a kafukufuku Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine anafotokoza kuti mayi amaphedwa ndi kuchedwa kutatu: kuchedwa kupanga chiganizo chopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo choyenera atafika. Kuno tinalimbana kwambiri ndi kuchedwa koyamba ndi kwachiwiri. Boma linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa mu 2007, ngakhale Pulezidenti Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010. Mafumu anaika chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi kwa wochirira kunyumba. Mu 2012 Mayi Joyce Banda anakhazikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino mu ofesi ya Pulezidenti, Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu ikutsogolera mafumu anzake, ndipo zidikiro zinamangidwa m'maboma ambiri. Za chindapusazo ine sindinagwirizane nazo mpaka lero, chifukwa wolipira nthawi zambiri ndi mayi wosaukitsitsa wa kutali ndi msewu, amene matenda anamuyamba usiku mvula ikugwa. Koma anthu anamvera ndipo anabwera. Chimene sichinakule pamlingo womwewo ndi chiwerengero cha anamwino azamba, mabedi, mathiyeta ndi magazi. Tinaitana anthu ambiri kuposa amene tinakonzeka kuwalandira.

Ndikhalitse pa nkhani ya magazi, popeza ndi imene yakupwetekani, komanso ndi imene imapha amayi ambiri kuposa vuto lina lililonse la pa uchembere. Pakati pakakhwima, magazi opitirira theka la lita amadutsa m'chiberekero mphindi iliyonse kukadyetsa mwana. Nsengwa ikamatuka, mitsempha yonse imene inkaidyetsa imatsala yotsegula. Chimene chimaitseka ndi minofu ya chiberekero chenichenicho, imene imakhwinyata n'kufinya mitsemphayo. Chiberekero chikalephera kulimba, kaya chifukwa chatopa ndi matenda otalika, kaya munali mapasa, kaya mwatsalira kachidutswa ka nsengwa, magazi amangotuluka. Mayi amene thupi lake lonse lili ndi malita 5 kapena 6 angathe kutha m'maola awiri okha. Chinyengo chake n'chakuti mayi wachitsikana amaoneka bwino kwa nthawi yaitali. Amayankhula, amayamwitsa, BP yake imaoneka ngati yabwino, chifukwa thupi likudzikakamiza. Ikamadzagwa BP, nthawi yatha kale kwambiri.

Kwa zaka zambiri tinkayeza magazi otayikawo ndi maso. Namwino amayang'ana pabedi ndi pansi n'kulemba chiwerengero cha m'mutu. Maso amanama, ndipo nthawi zambiri amachepetsa. Kwathu kuno n'zovutirapo chifukwa zitenje zimamwa magazi, ndipo gadiyani wachikondi amazichotsa msanga kukachapa n'kuyala zina, poopa kuti m'bale wake agone pauve. Magazi amene akanachenjeza namwino amathera kumpopi.

Pa vuto limeneli, kafukufuku wa maiko ambiri wachita zinthu zimene chipatala chimodzi sichikanatha. Mu 2023 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa E-MOTIVE, amene anachitika m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, pa amayi oposa 200,000. Sanabweretse mankhwala achilendo. M'theka la zipatalazo anayala pansi pa mayi aliyense wochira pulasitiki wokhala ndi kathumba ka mizere yoyezera, kuti magazi aziwerengeka. Akafika theka la lita, namwino sankayesa chinthu chimodzi n'kudikira kuti aone. Ankachita zonse nthawi imodzi: kusisita chiberekero, kubaya oxytocin (mankhwala olimbitsa chiberekero), kupereka tranexamic acid (mankhwala othandiza magazi kuundana), kuika dilipi, kuyang'ana ngati njira ya mwana yang'ambika kapena mwatsalira kanthu, ndi kuitana wamkulu zikapitirira. M'zipatala zimene zinapitiriza mwachizolowezi, anamwino ankazindikira theka lokha la amayi otaya magazi mopitirira. M'zipatala za kathumba ankazindikira 93 mwa 100. Amayi ofika potaya lita yathunthu, potsegulidwa pamimba kapena pomwalira anatsika kuchoka pa 43 kufika pa 16 mwa 1,000 alionse. Pa ntchito yanga yonse, ndi nkhani zochepa zimene zinandisangalatsa ndi kundipweteka nthawi imodzi ngati imeneyi, chifukwa zonse zinali kale m'kabati. Chinkasowa ndi kuona msanga ndi kusazengereza.

Tranexamic acid amene ndamutchulayu ali ndi mbiri yake. Anamupanga ku Japan Utako Okamoto ndi mwamuna wake Shosuke kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo cholinga cha mayiyu chinali kupulumutsa amayi obereka. Madokotala a nthawiyo sanafune kumuyesa pa uchembere. Panadutsa zaka zoposa 50 kuti kafukufuku wotchedwa WOMAN, wa amayi 20,000 m'maiko 21, asonyeze mu 2017 kuti mankhwalawa akaperekedwa pasanathe maola atatu mayi atachira amachepetsa imfa za kutaya magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Maola atatu akadutsa, phindu lake silionekanso. Mayi Okamoto anamwalira mu 2016, zotsatirazo zisanatuluke. Oxytocin naye ali ndi chofooka chake: amafuna kusungidwa mufiriji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. M'chipatala cha kumudzi kumene magetsi amathima, kapena katundu akakhalitsa m'galimoto mwezi wa October, namwino angathe kubaya jakisoni nthawi yake koma mphamvu yake itachepa kale. N'chifukwa chake anayesa carbetocin, mankhwala ena olimbitsa chiberekero opirira kutentha, pa amayi pafupifupi 30,000 m'maiko 10, ndipo mu 2018 anapezeka kuti amateteza pafupifupi mofanana ndi oxytocin.

Tsopano mumve mbali inayo, imene simamveka kawirikawiri pa misonkhano ya m'mahotela. Bungwe la WHO linakonza ndandanda ya zinthu zofunika kuchita pa mayi aliyense wobereka, monga kusamba m'manja, kuyeza BP ndi kubaya oxytocin. Anaiyesa m'zipatala 120 za m'chigawo cha Uttar Pradesh ku India, pa amayi oposa 150,000, alangizi akuyendera anamwino kwa miyezi yambiri. Zotsatira zinatuluka mu 2017. Anamwino anasinthadi kagwiridwe ka ntchito, koma imfa za amayi ndi makanda sizinatsike ngakhale pang'ono. Zambiri zinali zipatala zing'onozing'ono kumene opaleshoni sinkachitika kawirikawiri. Pepala lingakukumbutse kuti mayi akufunika kutumizidwa, koma silingathire mafuta mu ambulansi. Ndipo ngakhale thiyeta ikhalepo, payokha sikwanira. Kafukufuku wa m'zipatala 183 za m'maiko 22 a mu Africa, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti mayi mmodzi mwa 200 ochira pa opaleshoni ankamwalira, kuchuluka ka 50 kuyerekeza ndi maiko olemera. Ambiri ankafika pampeni mochedwa, ndipo akatuluka m'thiyeta panalibe wowayang'anira pafupi.

Apa ndiye pagona yankho langa pa za mabungwe. Muyeso wanga ndi umodzi: kodi ntchitoyo yasintha chiyani m'chipinda chochirira nthawi ya 2 koloko usiku, namwino mmodzi akuyang'anira amayi angapo nthawi imodzi? Zambiri zimalephera muyeso umenewu. Ndaonapo maphunziro a sabata yathunthu akuchotsa namwino yekhayo wodziwa ntchito m'wodi, chifukwa wopereka ndalama akufuna kuwerenga anthu ophunzitsidwa. Ndaonapo makina a mtengo wapatali ataunjikidwa m'stolo chifukwa kachipangizo kamodzi kanatha ndipo sikapezeka m'dziko muno. Pulojekiti ya zaka zitatu imatha pamene anthu ayamba kumene kuizolowera. Koma anthu ambiri amene ndagwira nawo ntchito, akuda ndi azungu omwe, si akuba ndipo si aulesi. Vuto ndi lakuti amayankha kwa amene wapereka ndalama, osati kwa banja ngati lanu. Kudalira kumeneku tinakuona kuopsa kwake mu January 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi. Kwa zaka zambiri, ndalama zoposa theka zoyendetsera zaumoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kunja. Atsogoleri a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 mwa 100 ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo maiko ambiri, lathu lomwe, zaka zambiri safikapo. Malipiro a namwino wachiwiri wa usiku uja ndi udindo wa boma lathu, osati wa mlendo.

Musaganizenso kuti nzeru zimangochokera kunja. Mu 2011 Malawi linali dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi HIV pa ma ARV a moyo wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Ena anakayikira, koma mu 2013 WHO inalangiza maiko ena kutsata njirayi. Makina a Pumani othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma anayesedwa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, mogwirizana ndi Rice University ya ku America. Ndipo maopaleshoni ambiri a amayi m'zipatala za m'maboma amachita ndi ma clinical officer.

Dziko limene ndimalitchula kawirikawiri kwa ophunzira ndi Sri Lanka. M'zaka za m'ma 1940 linkataya amayi oposa 1,000 pa ana 100,000, ndipo lero lili pansi pa 50. Silinadikire kulemera. Linaika azamba ophunzira bwino m'midzi, chithandizo chaulere, njira yodalirika yotumizira wodwala, ndi chizolowezi chofufuza imfa ya mayi aliyense. Ku Britain kufufuza kotereku kunayamba mu 1952. Kwathu kunonso imfa iliyonse ya pa uchembere imayenera kulembedwa ndi kuunikidwa, ndipo banja lanu lili ndi ufulu wopempha kuti likafotokozeredwe. Pitani kwa mkulu wa chipatalacho kapena kwa Ombudsman wa pachipatala, amene amalandira madandaulo, ndipo ngati simukhutira pali Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Mafunso anu akhale a nthawi: anachira nthawi yanji, kutaya magazi kunadziwika nthawi yanji, mankhwala oyamba analandira nthawi yanji, wamkulu anaitanidwa nthawi yanji. Izi si kusaka woti achotsedwe ntchito. Nthawi zambiri namwino amene analipo usiku umenewo nayenso sagona. Koma chipatala chimene mabanja amafunsa chimasintha msanga kuposa chimene onse amangoti ndi chifuniro cha Mulungu.

Tibwere kwa mayi akunyumba. Amayi ambiri amachira popanda vuto, ndipo zimene zinachitikira mlongo wanu sizikuonjezera chiopsezo kwa mkazi wanu. Miyezi itatu yatsalayi ndi yokwanira kukonza zambiri. Pa sikelo yotsatira pitani nawo, ndipo mufunse zinthu ziwiri ndi manambala ake: BP ndi mlingo wa magazi. Mlingo wa magazi ukakhala pansi pa 11 ndiye kuti ndi ochepa, ndipo pansi pa 7 ndi ngozi yofunika chithandizo mwamsanga. Mayi wa magazi ochepa amagonja ndi kutaya kumene mnzake akanapirira. Mapiritsi oonjezera magazi amwe tsiku lililonse ngakhale amanyansa ndi kudetsa chimbudzi, Fansida alandire, ndipo agone mu neti, chifukwa malungo amamaliza magazi mwakachetechete. BP ikafika 140 pa 90, kapena akamva mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka pansi pa nthiti ndi kutupa nkhope, musadikire tsiku la sikelo. Kukomoka kwa amayi apakati kobwera ndi BP yokwera kuli ndi mankhwala otchipa, magnesium sulphate, amene kafukufuku wa amayi 10,000 mu 2002 anasonyeza kuti amachepetsa ngoziyo ndi kuposa theka.

Funsaninso anamwino kuti malo oyenera kuchirira ndi ati. Ngati anachitidwapo opaleshoni, ngati anatayapo magazi pa uchembere wam'mbuyo, ngati ndi mapasa, mwana wakhala mopingasa, kapena abereka kale ana asanu, akadikirire kuchipatala chimene chili ndi thiyeta ndi magazi, ngakhale kutalike. Ndalama ya galimoto isungidwe padera kuyambira pano. Kambiranani ndi akuchikazi lero lomwe kuti tsikulo pasadzakhale kudikira amalume kapena apongozi kuti avomereze. Ndipo mwaulemu wonse, auzeni agogo kuti mwanamphepo ndi mankhwala ena ofulumizitsa matenda asaperekedwe. Amakhwinyatitsa chiberekero mopanda muyeso, mwana amabanika, ndipo chiberekero chimatha kuphulika.

Chimene ndikufuna mugwiritse kwambiri ndi ichi: mwana akabadwa, ngozi sinathe. Maola awiri oyambirira ndiwo oopsa koposa, ndipo tsiku lonse loyamba ndi lofunika maso. Nthawi imeneyo aliyense amakhala akuyang'ana khanda ndi kuimba mafoni. Sankhani gadiyani wamaso ndi wosaopa kuyankhula, ndipo ntchito yake ikhale mayiyo. Apemphe namwino amuonetse pogwira chiberekero, m'munsi mwa mchombo. Chiyenera kumveka cholimba ngati papaya wosapsa. Chikafewa, asisite mwamphamvu uku akuitana. Zitenje zonyowa asachape namwino asanazione. Mayi akodze pafupipafupi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kulimba, ndipo ayamwitse msanga. Akanena kuti akumva chizungulire, ludzu lalikulu, kuzizidwa, kapena mtima ukugunda kwambiri, gadiyani asapite kukanong'ona. Anene mokweza kuti mayi akutaya magazi, ndipo asachoke mpaka wina abwere. Namwino wabwino sakwiya ndi zimenezi, ndipo ngakhale atakwiya, zidzakambidwa mawa. Musapemphe kutuluka maola 24 asanakwane. Kunyumba, kutentha thupi, zotuluka zonunkha, magazi obwereranso mwamphamvu, mutu waukulu kapena kubanika ndi zifukwa zobwerera kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali chinanso chimene inuyo ndi anzanu mungachite sabata ino. Magazi operekedwa pa tsiku la ngozi amachedwa, chifukwa amayenera kuyezedwa kaye HIV, matenda a chiwindi ndi chindoko. Amene amapulumutsa mayi ndi amene ali kale mufiriji. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana asukulu, choncho sukulu zikatsekera magazi amasowa m'zipatala, pamene amayi akupitiriza kubereka. Lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka, ndipo limayendera mipingo ndi malo antchito likaitanidwa. Mwamuna wathanzi angathe kupereka miyezi itatu iliyonse. Werengani mwezi umene mayi akuyembekezeka kuchira, ndipo mukambe ndi abusa kapena ashehe kuti tsiku lopereka magazi lichitike mwezi umenewo usanafike.